Anamata Dzina Langa ndi Tepi

Lachiwiri, 4 Novembala

Kutentha ngati m'ng'anjo. Nkhuku zofa zokha m'khola la mkamwini lero: 14. Ndaziwerenga ndili pawindo la chipinda changa, antchito akuzitulutsa atazigwira miyendo. Dzulo 9. Dzana 11.

Dzenje lotayamo zinyalala lili kuseri kwa shedi yophera. Ndakasuzumiramo masana. Nthenga, matumbo, mitu. Nkhuku yathunthu ngakhale imodzi, ayi.

Ndiye 14 zija zalowera kuti? Ndazipeza. Mu mgolo wabuluu, zososola kale, zitanyikidwa m'madzi onunkha mankhwala oyeretsera zovala. Pamimba pobiriwira. Ntchentche pamlomo pa mgolo ndawerenga mpaka 60, n'kuleka. Dzuwa lisanapendeke zinali m'mapulasitiki, zoyera mbee ngati zinzake, ulendo m'galimoto. Lachiwiri galimoto imapita kusukulu yogonera konko ya atsikana. Ana oposa 300.

Zaka 38 ndikuphunzitsa ana a eni kusamba m'manja.

Ndamufunsa Mzime kukhitchini. Mwana wanga wotsiriza, wobereka ndekha, woyamwa mpaka kuyenda. Osandiyang'ana n'komwe. Akuti: "Amayi, za kushedi n'za bambo. Oyendera za ukhondo amabwera, chiphaso chili pakhoma. Inu pumulani."

Pumulani. Mawu ouza nkhalamba akafuna itseke pakamwa.

Patebulo madzulo, nkhuku. Ndati m'mimba simuli bwino. Tiyi ndi buledi.

Ndilembe poyera, ndisadzinamize. Chipinda chino si changa. Nyumba ndi ya mkamwini. Chimwalirireni bambo ake a Mzime, ndi kugwa kwanga kuja kothyoka chiuno, kwathu ndi pano. Bedi, tebulo, shelefu ya mabuku, windo limodzi loyang'ana kushedi. Kwina ndilibe. Amati khoswe wa pamkhate sapheka. Nanga khosweyo akakhala mwini mkhate?

Lachinayi, 6 Novembala

Chiphaso ndachiona. M'felemu, pamwamba pa sikelo, galasi lake lodzaza tudontho ta ntchentche. Dzina la bizinesi, chidindo cha khonsolo, siginecha ngati nyongolotsi yopondedwa. Chikuti malowa amayenderedwa miyezi itatu iliyonse.

Ine pawindo ili ndakhalapo zaka ziwiri. Wogula manyowa ndimamudziwa. Wowerenga mita ya madzi ndimamudziwa, ndi chipewa chake chomwe. Woyendera za ukhondo sindinamuonepo nkhope. Mwina amabwera ndili kuchipatala. Mwina. Sindinalangepo mwana ndisanaone kope lake, sindingayambe lero ndi mwamuna wa mwana wanga.

Anamwino, mnzanga uja tinapumira ntchito chaka chimodzi, anandiuzapo za lamulo loti munthu aliyense angathe kupempha kuona mapepala a m'maofesi a boma. Ndakaliwerenga kulaibulale. Masamba 41. Chingerezi chake cholimba ngati nyama ya tambala wokalamba, koma chimatafunika.

Ndalemba pempho. Malipoti onse a oyendera za ukhondo, a malo onse ophera nkhuku m'dera lathu. Alipo 6. Ndafunsa onse dala, chala chisaloze nyumba ino. Mafunso 7, manambala m'mphepete, mzere pansi pa mutu. Cholembera chabuluu. Ndasangalala nalo pepalalo, Mulungu andikhululukire.

Zofa lero: 8.

Lachisanu, 7 Novembala

Kukhonsolo. Ndanama kuti ndikukatenga mankhwala a chiuno.

Podikirira mipando 12, yothyoka 5. Fungo la chimbudzi likonde lonse kuti guu. Mafayilo pansi, mulu kufika m'mawondo, pamwamba pake kapu ya tiyi wa sabata yatha, nkhungu itamera.

Wolandira mapempho ndi mtsikana. Zikhadabo zazitali, 9 zofiira, chimodzi chothyoka. Ndizimutcha Zikhadabo. Amadya tchipisi m'kabati ya tebulo, kutsegula, kutola, kutseka. Walandira pepala langa ndi dzanja lomwelo. Pakona pali chala chamafuta tsopano, mpaka kalekale.

Koma ntchito akuidziwa pakamwa. Akuti malipotiwa akukhudza anthu ena, eni mashedi, amene lamulo limawatcha anthu achitatu. Woyamba ine wopempha, wachiwiri ofesi, wachitatu wokhudzidwa. Ndiye asanandipatse kanthu ayenera kuwalembera onse 6, kuwafunsa ngati ali ndi chodandaula.

Ndavomereza. N'zachilungamo. Wina atapempha mapepala onena za ine, nanenso ndingafune kumva zisanatuluke. Ndangofunsa chimodzi: nanga dzina langa?

"Musadandaule agogo, dzina timabisa. Ndi lamulo limenelo."

Agogo. Sindine gogo wake. Koma ndatuluka mtima uli m'malo.

Lachitatu, 12 Novembala

Zofa: 17. Magetsi anazima usiku, filiji yaikulu ikuchucha madzi apinki mpaka pakhomo. Galu wanunkhiza, wabwerera.

Nyemba, mazira owiritsa ogula kwina, buledi. Siketi yayamba kukhwepa.

Mkamwini wandigulira fani. Wabwera nayo yekha, waimanga yekha, wagwada pansi kufunafuna soketi, thukuta kamukamu. Akuti: "Amayi asatipsere m'nyumba, anthu angatiseke." Wakonzanso labala wa ndodo yanga osauzidwa.

Munthu woipa akanamaipa ponseponse, moyo ukanaphweka.

Fani ikuzungulira. Mphepo yake ikukoma. Ndikunyansidwa kuti ikukoma.

Lachiwiri, 18 Novembala

Zavunda.

Kwabwera Mamina. Ndinamuphunzitsa kalasi lachinayi, mphuno zili chuchuchu chaka chonse, mikono ya malaya youma gwa. Lero ndi bambo wa mimba yake, galimoto yake, shedi yake yophera nkhuku kuseri kwa msika. Mphuno zinauma, koma amakokabe m'mphuno asanayankhule.

Akhala pakhonde ndi mkamwini. Ine kukhitchini, windo lotsegula, ndikusankha mpunga. Mamina watulutsa mapepala. Kalata ya khonsolo yomufunsa maganizo. Kumbuyo kwake, fotokope ya pempho langa. Langa lenileni. Pa dzina ndi siginecha anamatapo tepi asanajambule. Zina zonse poyera: zilembo zanga zoimirira, 7 wanga wodula pakati, mzere pansi pa mutu, ndi chala chamafuta chija pakona.

Mamina, mawu ngati akutsatsa malonda: "Achimwene, kalembedwe aka ndingakadziwe ngakhale mutandidzutsa kutulo. Kanandilembera ‘Bwereza’ chaka chathunthu. Apongozi anuwa akutifuna chiyani?"

Mkamwini kuseka. Akuti aphunzitsi akale onse amalemba mofanana, anawaumba m'chikombole chimodzi. Koma walowa kukhitchini ngati akudzatunga madzi, n'kuima pashelefu. Mabotolo 16, onse ndinawamata mapepala ndi dzanja langa nditangofika kumene. Mchere. Shuga. Tiyi. Soda. Wawayang'ana limodzi limodzi, fotokope ili m'manja. Ine maso pa mpunga. Timiyala 5.

Patebulo, mkamwini: "Apatseni chiwindi a Inspekitala, atiyezere ngati chili bwino."

Supuni ya Mzime yaima m'malere. Palibe waseka.

Theka la tauni ino ndinaliphunzitsa kugwira cholembera. Iwo n'kumata tepi!

Lachitatu, 19 Novembala

Kukhonsolo, mutu ukuwira.

Zikhadabo osatekeseka. "Koma dzina tinabisa, agogo. Onani tepi." Wandionetsa tepi yeniyeniyo, monyadira, ngati mendulo.

Ndafunsa chifukwa chosalembera okha zimene zikufunidwa, m'mawu awo, pamakina. Makompyuta m'chipindamo 2, imodzi yovindikira ndi nsalu, inayo ikuonetsa filimu. Akuti kutayipa mafunso 7 ndi ntchito, bwana anati tizingojambula, ndi mmene timachitira chiyambire, palibe anadandaulapo.

Ndati ndionane ndi bwanayo. Bambo wa tayi, chotokosera m'mano pakamwa. Chimayenda chokha kuchoka kona ina kupita ina. Akatokosa, amayang'ana chimene chatuluka, n'kuchibwezera. Ndizimutcha Chotokosera.

Akuti tauni ndi yaing'ono, tonse timadziwana, anthu a bizinesi ndi amene amatidyetsa. Akuti eni mashedi akakana, iye manja ake ndi omangika.

Ndamuuza modekha, ngati mwana wochedwa kumva, kuti lamulo silikutero. Likuti awafunse maganizo, amve zifukwa zawo, aziyeze, kenako ofesi igamule yokha. Kufunsa maganizo si kupempha chilolezo. Ndipo wopempha satchulidwa, kaya ndi dzina kaya ndi china chilichonse chomuloza.

"Mwaliwerenga lonse, mayi?" Nkhope ngati ndamuululira matenda obisika.

Pansi pa tebulo lake jumbo. Nkhuku 2 zososola, zikutuluka thukuta pasimenti, kapepala ka shedi ya Mamina pamwamba. Anthu achitatu ayankha kale, m'njira yawo. Zoyera mbee nkhukuzo, kuyera kokayikitsa. Ndikanamuchenjeza. Sindinatero. Adye.

Kupepesa, ngakhale liwu limodzi.

Lachisanu, 21 Novembala

Mzime walowa m'chipinda masana, watseka chitseko, wazimitsa fani. Wakhala pabedi. Maso otupa.

Kalata yofunsa maganizo inafikanso nyumba ino, sabata yatha. Sindinaione chifukwa sinalembedwe kwa mkamwini. Inalembedwa kwa Mzime. Bizinesi ili m'dzina lake. Mwamuna wake anali ndi mlandu wina wakale kukhonsolo, ndiye anamusayinitsa mkazi, zaka zapitazo, akuti n'zamapepala chabe.

Ndiye munthu wachitatu ndi mwana wanga.

Akuti fotokope anaiona tsiku lomwelo. Anaidziwa asanawerenge liwu loyamba. Anaibisa pansi pa zovala, kuganiza zitha zokha. Mamina ndiye anaphulitsa chithupsa.

Wandionetsa yankho lake. Mwamuna amanena, iye amalemba. Akukana kuti malipoti atuluke: zinsinsi za malonda, opikisana nawo angapezerepo mwayi, wopemphayo ndi wanjiru. Wanjiru. Ndi zilembo zimene ndinamuphunzitsa ndekha patebulo la kukhitchini, nditamugwira dzanja. Zolakwika 3 m'ndime yoyamba. Zala zanga zinayamba zokha kufuna cholembera chofiira. Ndazikhalira.

"Amayi, mukanandifunsa ine."

Ndati ndinakufunsa.

"Kamodzi. Kukhitchini, mpunga ukupserera. Kenako munapita kuboma."

Apo wandilasa. N'zoona.

Akuti akatseka shedi, wokaima m'khoti ndi iye, osati mwamuna wake. Akuti pakhomo pano pamadya anthu 9, kuphatikiza antchito, kuphatikiza ine.

Ndamufunsa: mankhwala a mu mgolo amagula ndani? Kuyang'ana zikhadabo za kumapazi. Kenako, mawu apansipansi: "Amangochita nyengo yotentha yokha."

Yokha.

Ndinamusambitsa, ndinamuwiritsira madzi akumwa mpaka atafika zaka 10. Ntchentche imodzi ikatera pa mbale yake ndinkataya chakudya chonse. Lero akuti yokha.

Atatuluka ndasanza m'beseni. Tiyi yekhayekha.

Lamulungu, 23 Novembala

Kutchalitchi. Mamina wandipatsa moni wa manja awiri, wofewa, wonyowa. "Aphunzitsi athu." Ndapukuta dzanja m'siketi.

Amayi 3 a m'kwaya asiya kuyankhula nditayandikira. Ayambiranso nditadutsa.

Mkamwini waponya chopereka mokweza dzanja. Kunyumba osandiyankhula, osandinyoza. Akudikira kanthu.

Lachiwiri, 25 Novembala

Ndikanauzidwa ndi wina ndikanati akunama.

Mamina nayenso wapeza lamulo. Analemba pempho lake: akufuna khonsolo imuuze dzina la amene anapempha malipoti. Ndiye tsopano munthu wachitatu ndine. Ofesi, mwaulemu wonse, yandilembera kalata yofunsa ngati ndili ndi chodandaula dzina langa likaululidwa.

Kalatayo anapatsira mesenjala. Mesenjala wafika pageti, wafunsa mwini nyumba, wapereka kwa mwini nyumba. Envulopu yosamata, guluu anatha kuofesi. Dzina langa pamwamba, lathunthu, lotayipa bwinobwino.

Mpaka lero mkamwini anali ndi kalembedwe chabe. Ndikanatha kukana, iye n'kunamizira kukhulupirira, tonse n'kumakhala. Tsopano ali ndi chidindo.

Wandiitanitsa pabalaza. Mzime ataima pakhomo la khitchini, chopukutira mbale m'manja. Mkamwini wawerenga kalata yonse mokweza, pang'onopang'ono, mpaka "Ine wanu wokhulupirika." Waipinda kanayi. Wandipatsa ndi manja awiri.

Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Amayi, ndakusungani ngati mayi anga ondibereka. Simunagonepo ndi njala pakhomo pano. Koma sindingadyetse munthu amene akufukula maziko a nyumba yanga. Lachisanu mukachotse pempho lanu. Mukatero nkhani yatha, sitidzaitchulanso. Mukapanda kutero, chipinda chija ndichifuna. Chakudya cha nkhuku chikunyowa kushedi."

Ndayeza ndi maso nditabwerera. Bedi atachotsa, mungalowe matumba 40. Shelefu atachotsa, 46.

Lero Lachiwiri. Galimoto yapita kusukulu monga mwa masiku onse. Mu mgolo munali 12.

Lachinayi, 27 Novembala

Ndaimbira mwana wanga wachisamba, mlongo wake wa Mzime, wa kutali uja. Wayankha akuyendetsa galimoto. "Amayi, inunso pa msinkhu wanuwo mukulimbana ndi nkhuku?" Nyumba yaing'ono, akazi ake ayenera kufunsidwa, tikambirana pa tchuthi. Mawu ambiri, chipinda palibe.

Ndapita kwa Anamwino. Wamva zonse, waseka tepi mpaka kutsokomola, kenako wasiya kuseka. Akuti chipinda chosungira katundu chilipo, ndikhoza kulowa ngakhale mawa. Wandionetsa. Windo lalikulu ngati buku. Denga lothimbirira pakona. Njinga yopanda matayala. Amphaka ake 7 amagona momwemo, fungo la mkodzo wawo lolasa m'maso. Wina anasanza ubweya pamatiresi, zouma kale. Chimbudzi panja, masitepe otsika, chiuno changa ichi.

Ndathokoza. Ndatuluka ndikupuma ndi pakamwa.

Ndili ndi zaka 74. Ndapirira nsikidzi za m'nyumba za aphunzitsi, zimbudzi za sukulu nyengo ya mvula, maliro a mwamuna. Ndinkaganiza ndatha nazo zonyansa. Ndikufuna bedi loyera. Ndikufuna madzi otentha m'mawa. Ndikufuna kumva mwana wanga akutsokomola kuseri kwa khoma. Kodi ndi tchimo?

Atsikana a kusukulu ija sindikudziwa ngakhale mmodzi. Palibe wamwalira. Amene ndamva ine.

Onani mmene ndikulembera. "Amene ndamva ine." Posachedwa ndiyamba kunena kuti nyengo yotentha yokha.

Mzime wabwera kudzandipaka mankhwala m'chiuno, osaitanidwa. Manja ofunda, odziwa pamene pamawawa. Sananene za mawa. Wangofunsa diresi loti asite. Ndati lobiriwira.

Ndikasayina kuchotsa pempho. Ndalemba, ndiye ndatsimikiza. Ndikasayina, ndibwerere, ndikoke katani pawindo. Ndadziyang'ana pagalasi posamba. Nkhalamba yaukhondo, tsitsi lopesa bwino. Yoyera mbee.

Lachisanu, 28 Novembala

Ndikulemba ndili pabenchi, pamalo okwerera basi. Kope pabondo. Dzuwa pamutu.

Ndinafika kukhonsolo asanatsegule. Zikhadabo wandilandira ngati m'bale. Mpando wabwino, woupukuta ndi dzanja. Nkhani yanga anaimva kale, sindikudziwa kwa yani, tauni ndi yaing'ono. Pepala lochotsera pempho linali lokonzeka. Lotayipa. Limeneli ndiye anapeza mphamvu zotayipa, mizere 11, popanda cholakwika.

Ndinavala magalasi. Ndinatsegula cholembera. Ndinangofunsa, mwachizolowezi changa chabe, kuti ndidziwe chimene ndikutaya: malipotiwo onse pamodzi anali masamba angati?

"Masamba ake ati, agogo? Fayilo tinaitsegula dzulo. Mulibe kanthu."

Ndinati abwereze.

Wabwereza, akupala chikhadabo chothyoka chija. Malipoti palibe. A shedi ya mkamwini palibe, a Mamina palibe, a onse 6 palibe ngakhale tsamba. Woyendera za ukhondo anapuma ntchito kalekale, sanalembe wina. Ziphaso zimangodindidwa munthu akalipira pawindo lachitatu.

Ndinafunsa: ndiye makalata 6 aja munkawafunsa anthu za chiyani? Maganizo awo pa mapepala ati?

Akuti ndondomeko yawo amayamba ndi kufunsa anthu achitatu, chifukwa ndi zimene zimachedwa. Kufufuza m'fayilo kumabwera pambuyo. Akuti zimapulumutsa nthawi.

Akanatsegula kabati tsiku loyamba, kabati ili pambuyo pake penipeni, yotheka kuifikira osadzuka pampando, bwenzi palibe wofunsidwa. Palibe fotokope. Palibe tepi. Palibe Mamina pakhonde. Bwenzi atandiyankha ndi mzere umodzi, ine n'kudziwa zimene ndimafuna, mwakachetechete, n'kuganiza bwino poyambira ndi mwana wanga. Andivula pamsika chifukwa cha fayilo yopanda kanthu.

Watulukira Chotokosera. Waonda pang'ono kumaso, kapena ndi maso anga ofuna. Akuti sayinani mayi, tonse tipume. Akuti ndikapanda kuchotsa pempho, lamulo limukakamiza kundilembera kalata yonena kuti malipoti palibe, ndipo kalata yotero sipindulira aliyense. Ikhoza kufika kusukulu zogula nyama, kwa makolo, kunyuzipepala. Mabanja angavutike. "Kuphatikizapo lanu, ndamva."

Chotokosera chili pakona ya kumanzere, chonyowa, kansonga kotafunidwa.

Ndinayang'ana mzere wosayinapo. Ndinayang'ana fayilo, ili yasa patebulo, mkati mwake mphemvu yakufa, miyendo m'mwamba. Ndi chokhacho chimene chayendera mashedi 6 m'zaka zonsezi.

Si kulimba mtima. Ndisadzitame. Dzanja linangokana, monga mmero umakanira chinthu chowola. Ndinatseka cholembera. Ndinati kalatayo ndikuifuna, yotayipa, ya chidindo, yonena kuti palibe. Ndinatinso pa pempho la Mamina alembe kuti sindikudandaula, amuuze dzina langa, ndi zilembo zikuluzikulu, amavutika kuwerenga.

Chotokosera wabwerera muofesi yake osatsanzika. Zikhadabo wakoka pepala lina, akuti ndilembe keyala yotumizirako yankho.

Ndinayamba kulemba nambala ya nyumba ino. Ya nyumba ija. Ndinaima pakati. Ndinadula ndi mzere umodzi wowongoka. Ndati ndidzabwera kudzatenga ndekha.

Mabasi opita kwathu adutsa 4. Sindinakwere. Pafupi ndi phazi langa wina analavula.

Mzime waimba. Ndinaisiya ilire, kenako ndinayankha. Akuti wandiyalira nsalu zochapa pabedi, bambo ali kushedi akufunsa ngati ndabwera. Kenako: "Mwasayina, amayi?"

Ndati ayi, mwanangu.

Kumbuyo kwake nkhuku zikulira, mpope ukutuluka madzi. Ndimayembekeza kulira, kapena mawu oti ndamupha. Wangopuma kamodzi, mozama, ngati munthu wotula mtolo umene sakudziwa ngati unali wake.

"Ndiyambe kulongedza mabuku kapena zovala?"

Ndati mabuku. Ndi olemera, ayike pansi. Alipo 63.

Basi ya kwa Anamwino imaima tsidya linalo la msewu. Ndiyenera kugula sopo, bulashi, ndowa. Matiresi aja ndiwatulutse padzuwa lisanalowe. Amphaka aja sindikudziwa ngati... Basi ija ikubwera.